Kodi malovu angaulule nkhawa za mnyamata wa ku Ntchisi?

Mwa zonse zimene achipatala amatenga m'thupi la munthu kuti akapime, malovu ndi amene savuta kupereka. Safuna jakisoni, satulutsa magazi, ndipo munthu savula chilichonse. Amangolavulira m'kabotolo, kapena kutafuna kathonje kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, basi zatha. N'chifukwa chake kuyambira zaka za m'ma 1980 akatswiri ofufuza za nkhawa akhala akuikonda njira imeneyi poyeza cortisol, homoni imene thupi limatulutsa munthu akapanikizika. Ayeza nayo makanda, asilikali, amayi oyembekezera, alimi, koma makamaka achinyamata athanzi a m'mayunivesite a ku Ulaya ndi ku America.

Kwathu kuno funso limeneli si lachabe. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 770,000 m'boma la Dowa ndi oposa 310,000 ku Ntchisi, ndipo ambiri mwa iwo ndi ana ndi achinyamata. Mnyamata wa zaka 22 wa kwa Malomo kapena kwa Nthondo amaoneka wamphamvu zake: amakwera chitunda atanyamula thumba la soya panjinga, sanagonepo m'chipatala, ndipo ukamufunsa amayankha kuti "ndili bhobho". Koma usiku tulo sabwera. M'mutu muli ngongole ya feteleza, katapila amene akuswa mwezi ndi mwezi, setifiketi ya MSCE imene ili m'sutikesi osabweretsa ntchito. Chaka ndi chaka apolisi amalengeza za anthu odzipha, ndipo ochuluka amakhala amuna. Ndiye munthu akamva kuti kuli kabotolo kotha kuyeza nkhawa popanda kudikira kuti mwini wake aulule, mtima umakopeka msanga. Maganizo anga ndi akuti kabotoloko sikanama, koma kamayankha funso laling'ono kuposa limene timafuna kukafunsa, ndipo wokawerenga mosasamala akhoza kunamizira anthu a m'mapiri athuwa matenda amene alibe, kapena kuwauza kuti ali bwino pamene akuvutika.

Cortisol amachokera m'tiziwalo tiwiri totchedwa adrenal, kamodzi pamwamba pa impso iliyonse. Lamulo limachokera kumutu. Ubongo ukaona kuti zinthu zavuta, mbali yake yotchedwa hypothalamus imatumiza uthenga ku kachiwalo ka pituitary kamene kali kunsi kwa ubongowo. Pituitary amathira m'magazi homoni ya ACTH, ndipo ikafika pa impso paja cortisol amatuluka. Ntchito yake ndi yopezera thupi mphamvu: amakweza shuga m'magazi, amathandiza kuti BP isagwe, amachepetsa kutupa, ndipo amaimitsa kaye ntchito zimene zingadikire. Akachuluka m'magazi, ubongo umamva n'kuchepetsa lamulo lija. Kugunda kwa mtima kumene kumabwera nthawi yomweyo ukaponda pafupi ndi njoka si ntchito ya cortisol, ndi ya adrenaline. Cortisol amachedwa: amafika pachimake patatha mphindi 20 mpaka 30 chinthucho chitachitika.

Cortisol si mdani ayi. Mu 1855 dokotala wa ku London, Thomas Addison, anafotokoza za odwala amene tiziwalo tawo ta adrenal tinali titawonongeka: ankafooka, kuonda, khungu kuda, mpaka kumwalira. Ambiri a iwo chimene chinawononga tiziwaloto chinali chifuwa chachikulu, ndipo m'maiko ngati lathu TB ikadali m'gulu la zoyambitsa matendawa. Amene analumikiza mahomoniwa ndi kupanikizika anali Hans Selye wa ku Montreal, kuyambira 1936. Mu 1950 Edward Kendall, Philip Hench ndi Tadeus Reichstein analandira mphoto ya Nobel chifukwa cha ntchito yawo pa mahomoni a adrenal. Hydrocortisone wa kuchipatala ndi cortisol yemweyo, ndipo prednisolone ndi dexamethasone ndi abale ake opangidwa kufakitale.

Chimene chimapatsa malovu mtengo ndi ichi. M'magazi, cortisol woposa magawo 90 mwa 100 alionse amayenda atagwiridwa ndi mapuloteni, ndipo sagwira ntchito ali choncho. Wotsala wochepayo ndiye amalowa m'minofu n'kuchita zinthu, ndipo ndi yemweyo amene amadutsa n'kulowa m'malovu. Choncho malovu amaonetsa cortisol amene ali pantchito. Kuwonjezera apo, anthu ambiri amaopa singano, ndipo manthawo amatha kukweza chinthu chimene ukufuna kuyezacho. Malovu munthu akhoza kudzitenga yekha kunyumba, kangapo patsiku, popanda namwino.

Vuto lalikulu ndi nthawi. Cortisol sakhala pa mlingo umodzi tsiku lonse, ngakhale mwa munthu amene alibe nkhawa iliyonse. Amayamba kukwera m'bandakucha munthu akadali m'tulo, amalumpha kwambiri mkati mwa mphindi 30 mpaka 45 munthu atangodzuka, kenako amatsika pang'onopang'ono tsiku lonse mpaka kufika pansi penipeni cha pakati pa usiku. Wa m'mawa akhoza kuposa wa pakati pa usiku kakhumi. Kuyeza kamodzi n'kunena kuti munthuyu ali ndi nkhawa kuli ngati kuima pa mlatho wa Bua tsiku limodzi, kuona madzi, n'kulengeza mmene mvula yagwera chaka chonse, osafunsa kuti uno ndi Febuluwale kapena Okutobala. Nambala ya cortisol yopanda ola limene malovu anatengedwa, ndiponso ola limene munthuyo anadzuka, ilibe tanthauzo.

Kulumpha kwa m'mawa kuja, kumene Jens Pruessner ndi anzake anakufotokoza bwino mu 1997, ndi kumene ofufuza ambiri amakusaka, ndipo n'kovuta kukugwira. Kabotolo koyamba kayenera kudzazidwa munthu atangotsegula maso, asanadzuke pamphasa. Akachedwa ndi mphindi 15, cortisol amakhala atakwera kale, ndipo zotsatira zimaoneka ngati thupi lake silinalumphe n'komwe. Mu 2003 ofufuza ena anapatsa anthu mabotolo okhala ndi zivindikiro zolemba mwachinsinsi nthawi imene zatsegulidwa, ndipo anapeza kuti pafupifupi mmodzi mwa anayi sanasunge nthawi imene anauzidwa. Tsono taganizirani mudzi wa m'mphepete mwa nkhalango ya Ntchisi, nyengo yothyola fodya. Mnyamata wadzuka tambala woyamba atangolira, foni ilibe moto, kunja kuli mdima ndi mame. Mlongo wake anadzuka kale kukatunga madzi. Wofufuza akafika 8 koloko n'kutenga malovu a onse, n'kuwayerekeza ndi a wophunzira wa ku Germany amene anadzuka 7:30, ndiye kuti akuyerekeza munthu amene tsiku lake lili pakati ndi wina amene langoyamba kumene. Ndipo tsiku limodzi silikwanira, pakuti munthu yemweyo amasintha Lolemba ndi Lachiwiri. Pamafunika masiku awiri osachepera, makamaka ochulukirapo.

Katengedwe kake kali ndi malamulo amene amaoneka ang'onoang'ono. Kwa theka la ola kapena kuposa munthu asanalavule, asadye, asamwe tiyi kapena thobwa, asasute, asatsuke mano. Amapatsidwa kabotolo ka pulasitiki kotalika ngati chala, kamene mtundu wake wodziwika kwambiri ndi Salivette wa kampani ya Sarstedt. Amachotsa chivindikiro, n'kugwetsera kathonje m'kamwa osakakhudza ndi zala, n'kukazunguliza ndi lilime mpaka kanyowe, kenako n'kukabwezera. Pa kabotolopo pamalembedwa nambala, tsiku ndi ola. Ku labotale amakazunguza pa makina kuti malovu afinyike atsikire pansi. Lamulo la mano lija lili ndi chifukwa chake: cortisol wa m'magazi ndi wochuluka kwambiri kuposa wa m'malovu, motero timagazi tochepa tochokera m'nkhama tikhoza kukweza nambala yonse. Amene watafuna nzimbe panjira, amene wakwecha mano ndi mswachi wa mtengo, amene ali ndi zilonda m'kamwa, amene amaika ngirimbo kumlomo, onsewa ayenera kufunsidwa. Ngakhale mafuta a hydrocortisone odzola pakhungu, akatsalira kuzala n'kukhudza kathonje, amaononga zonse.

Mwayi wake ndi wakuti cortisol wa m'malovu saonongeka msanga. Amatha kukhala masiku angapo kunja kwa firiji, choncho ulendo wa panjinga yamoto kuchokera kwa Kasakula kufika pa boma, kenako pagalimoto mpaka ku Lilongwe, suli vuto. Koma kusunga miyezi kumafuna firiji youmitsa mpaka madigiri 20 pansi pa ziro, ndiponso jenereta ya pamene magetsi azima. Njira yofala yopimira ndi ELISA, imene imagwiritsa ntchito mankhwala osintha mtundu malinga ndi kuchuluka kwa homoniyo. Ndi yotchipirapo, koma nthawi zina imasokoneza cortisol ndi abale ake, monga cortisone, amene m'malovu amakhala wochuluka kuposa cortisol mwini. Njira ina yolondola kwambiri, ya mass spectrometry, imafuna makina okwera mtengo zedi. Zotsatira za njira ziwirizi sizifanana, ndipo ngakhale mankhwala a ELISA a makampani awiri amapereka manambala osiyana pa malovu omwewo. Choncho palibe nambala imodzi ya dziko lonse lapansi yoti munthu akaipitirira tinene kuti wadwala nkhawa.

Zambiri zimene tikudziwa zinachokera m'chipinda chimodzi cha pa yunivesite ya Trier ku Germany. Mu 1993 Clemens Kirschbaum, Karl-Martin Pirke ndi Dirk Hellhammer anafalitsa njira yopanikizira munthu dala, imene mpaka lero ikugwiritsidwa ntchito m'maiko ambiri. Wachinyamata amalowetsedwa m'chipinda momwe muli anthu ovala makoti oyera atakhala kuseri kwa tebulo, kamera ndi maikolofoni zitamuloza. Amauzidwa kuti alankhule kwa mphindi zisanu ngati akufunsira ntchito. Oweruzawo samwetulira, sagwedeza mutu. Akasowa chonena amangomuyang'ana, kenako n'kumuuza kuti nthawi ikadalipo. Zikatha izo amamuuza kuti achotse 13 pa 1022, n'kumapitiriza kuchotsa mokweza mawu, ndipo akalakwitsa ayambirenso. Palibe amene amamukhudza. Koma mwa anthu ambiri cortisol wa m'malovu amawirikiza kawiri kapena kuposa, ndipo amuna nthawi zambiri amakwera kuposa akazi.

Mu 2004 Sally Dickerson ndi Margaret Kemeny anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku 208 wa mtundu umenewu, ndipo anapeza kuti si vuto lililonse limene limakweza cortisol. Phokoso lokha, kapena masamu ovuta ochitira pawekha, sizichita zambiri. Zimene zimamukweza ndi ziwiri zikakumana: kuweruzidwa ndi anthu ena, ndi kusowa mphamvu pa mmene zinthu zithere. Apa ndi pamene sayansi imeneyi imandigwira mtima, chifukwa ikunena za moyo umene timaudziwa. Mlimi wachinyamata wa ku Madisi amene wasamala fodya kuyambira pa nazale, wathyola, wasoka, wapachika m'chigafa, wadinda mabelo, ndipo tsopano akudikira kumva ngati ku okushoni ya ku Kanengo belo lake lagulidwa kapena labwezedwa, ali m'chipinda cha ku Trier chenicheni: mtengo akuika ndi wina, iye alibe chonena, ndipo kumudzi onse adzadziwa. Chimodzimodzi mtsikana amene dzina lake silinatuluke pa zotsatira za mayeso, kapena mnyamata amene a banki m'khonde abwera kudzanyamula mbuzi anthu akuona. Manyazi amalowa m'thupi.

Koma ndani amene amatchedwa "wachinyamata wathanzi" m'kafukufuku ameneyu? Kawirikawiri ndi wophunzira wa pa yunivesite wa zaka 18 mpaka 30, wosasuta, wosamwa mankhwala aliwonse, wogona maola okwanira, wosadwala posachedwa. Ofufuza amasankha otere ndi cholinga chabwino, kuti achotse zosokoneza n'kuona mmene thupi limachitira likakhala pabwino. Cholakwika chimabwera pamene manambala awo asanduka muyezo wa anthu onse. Mu 2010 Joseph Henrich ndi anzake anakumbutsa dziko kuti m'magazini akuluakulu a sayansi ya maganizo, anthu 96 mwa 100 alionse ofufuzidwa ankachokera m'maiko olemera a azungu, momwe mumakhala anthu 12 okha mwa 100 alionse a padziko.

Tikabwera nawo muyezo umenewo ku Dowa, mafunso amachuluka. Malungo amakweza cortisol, monga amachitira matenda ena otenthetsa thupi, ndipo kuno wachinyamata akhoza kukhala ndi tizilombo ta malungo m'magazi akuyenda bwinobwino. Njala imamukweza, chifukwa thupi limafuna shuga. Januwale ndi Febuluwale, pamene nkhokwe zauma ndipo mabanja ena akudya kamodzi patsiku, si miyezi yofanana ndi Juni. Ntchito yolemetsa ya maola ambiri imamukweza, kaya ndi kupalasa kabaza pa Mponela kapena kukwezera mizere pa ganyu. Chikonga cha mu fodya chimamukweza mwa osuta, ndipo n'zodziwika kuti chikongacho chimalowanso pakhungu la othyola fodya wonyowa, choncho kufunsa kuti "kodi mumasuta?" sikukwanira m'dera la fodya. Mapiritsi olerera okhala ndi oestrogen amachulukitsa mapuloteni ogwira cortisol aja, ndipo amachepetsa kukwera kwake m'malovu. Rifampicin wa TB amafulumizitsa kuphwanyidwa kwake m'chiwindi. Mafuta ena oyeretsa khungu ogulitsidwa m'misika ali ndi mankhwala amphamvu a mtundu wa cortisol, monga clobetasol ndi betamethasone, ndipo wodzola nthawi yaitali tiziwalo take ta adrenal timatha kuchita ulesi. Zonsezi zikhoza kusuntha nambala popanda nkhawa kulowererapo, ndipo zina mwa izo munthu saziulula kwa mlendo wonyamula fomu.

Ku Malawi kuno ntchito yotere inachitikapo, ngakhale osati pa anyamata. Pakati pa 2011 ndi 2012, kafukufuku wa iLiNS-DYAD analemba amayi oyembekezera 1,391 m'boma la Mangochi, m'zipatala za pa boma, Malindi, Lungwena ndi Namwera. Cholinga chachikulu chinali kuona ngati chakudya chowonjezera chopangidwa ndi mtedza chingathandize amayi ndi ana awo, koma ofufuza, kuphatikizapo Christine Stewart wa ku California ndi Kenneth Maleta wa ku College of Medicine, anatenganso malovu katatu pa nthawi ya pakati. Zotsatira zinatuluka mu 2015. Chakudya chija sichinasinthe cortisol wa amayiwo. Koma amayi amene cortisol wawo anali wokwera ankachira msangako, ndipo ana awo ankabadwa opepukirapo. Kafukufukuyu anaonetsa kuti njirayi ndi yotheka m'zipatala zathu zazing'ono, ndiponso kuti ukayeza anthu ochuluka, malovu amanena zinthu zenizeni. Sananene kuti mayi uyu payekha, chifukwa cha nambala yake, mwana wake adzabadwa wochepa. Mphamvu ya muyezowu ili pa gulu.

Za alimi, umboni wapafupi uli ku Kenya. Matthieu Chemin, Joost de Laat ndi Johannes Haushofer anapeza kuti m'dera la Kianyaga, mvula ikachepa cortisol wa alimi ankakwera, pamene wa anthu osadalira ulimi sankasintha choncho. Palibe mlimi wa kwa Chakhaza amene angadabwe nazo. Koma kafukufuku wachiwiri ndi amene amaphunzitsa zambiri. Pakati pa 2011 ndi 2013, bungwe la GiveDirectly linapereka ndalama popanda zomangira kwa mabanja osauka a ku Rarieda, kumadzulo kwa Kenya, ndipo Haushofer ndi Jeremy Shapiro anatsatira zotsatira zake, zimene anafalitsa mu 2016. Olandira ndalama anadya bwino, anagula malata ndi ziweto, ndipo atafunsidwa ananena kuti akusangalala ndipo nkhawa zachepa. Koma pophatikiza onse, cortisol wawo sanasiyane ndi wa amene sanalandire. Kusiyana kunaoneka pokhapokha poyerekeza magulu a olandirawo: anali wotsikirapo pamene ndalama zinali zambiri, pamene zinaperekedwa kwa mkazi osati mwamuna, ndiponso pamene zinabwera pakamodzi osati mwezi ndi mwezi.

Nkhani imeneyi ikutikhudza, chifukwa Dowa ndi limodzi mwa maboma amene anayamba msanga kulandira thandizo la ndalama m'malo mwa chimanga. Nyengo ya njala ya 2006 mpaka 2007, bungwe la Concern Worldwide linapereka ndalama kwa mabanja pafupifupi 10,000 m'bomali kudzera m'makadi a banki, ndipo lero Mtukula Pakhomo ali m'maboma onse. Tsiku lina wina adzafuna kuyeza phindu la mapologalamu otere ndi malovu. Achite, koma asadzanene kuti thandizo silinagwire ntchito chifukwa cortisol sanatsike, pamene mayi akunena ndi pakamwa pake kuti tsopano akugona tulo ndipo ana akupita kusukulu atadya. Mawu a munthu ndi homoni ya m'thupi lake zimayeza zinthu ziwiri zoyandikana koma zosiyana, ndipo kafukufuku wambiri wapeza kuti zimagwirizana pang'ono chabe.

Pali chinanso chosokoneza kwambiri. Anthu amaganiza kuti mavuto akachuluka, cortisol amangokwerakwera. Si choncho nthawi zonse. M'zaka za m'ma 1990 Rachel Yehuda wa ku New York anapeza kuti ena mwa anthu amene anapulumuka ku nkhanza za chipani cha Nazi, omwe ankavutikabe m'maganizo patapita zaka zambiri, anali ndi cortisol wotsika kuposa anzawo. Mu 2007 Gregory Miller, Edith Chen ndi Eric Zhou, atasanthula kafukufuku wambiri, anaonetsa kuti cortisol amakwera vuto likangoyamba, koma m'kupita kwa nthawi amatha kutsika mpaka kupitirira pamene anali. Mwa ena chimene chimasintha ndi kayendedwe ka tsiku: m'mawa sakwera mokwanira, usiku satsika mokwanira. Ndikaganiza za izi ndimakumbuka Dzaleka, m'boma la Dowa, pamene kale panali ndende ya andale ndipo kuyambira 1994 pakhala msasa wa othawa kwawo. Malo amene anakonzedwera anthu 10,000 mpaka 12,000 tsopano akusunga oposa 50,000, ambiri ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda. Wachinyamata amene anaona nkhondo ali mwana, kenako n'kukulira mumsasa, akhoza kupereka malovu a nambala yotsika. Wowerenga mopupuluma adzalemba kuti alibe vuto, ndipo kumeneko kudzakhala kumulakwira kachiwiri.

Pofuna kuona miyezi osati maola, ofufuza ena amayeza cortisol m'tsitsi, limene limakula pafupifupi sentimita imodzi pamwezi ndipo limasunga mbiri ya nthawi imeneyo. Kwathu njira imeneyo ili ndi minga. Anyamata ambiri amameta mpala kapena kusiya tsitsi lalifupi kwambiri, ndipo tonse tinakula tikuuzidwa kuti tsitsi ndi zikhadabo sasiya paliponse, kuopa anthu oipa mtima. Malovu nawo si chinthu chongopatsa mlendo. Mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu ku Mulanje ndi ku Phalombe mu 2017, ndipo zinabukanso mu 2020 kumpoto ndi m'chigawo chapakati. Amene angafike m'mudzi ndi bokosi la timabotolo asanakhale pansi ndi a mfumu, a mipingo ndi alangizi a zaumoyo a m'deralo akuika moyo wake ndi wa anzake pachiswe. Ndipo mantha a anthu sitiyenera kuwaseka, chifukwa pali funso lenileni pansi pake: malovu anga akupita kuti, ndipo akachita nawo chiyani? M'malovu muli DNA ya munthu. N'chifukwa chake kafukufuku aliyense wotere ayenera kuvomerezedwa ndi komiti yoona za kafukufuku wa zaumoyo, monga NHSRC ya ku unduna wa zaumoyo kapena ya ku Kamuzu University of Health Sciences, ndipo ngati mabotolo akutuluka m'dziko payenera kukhala mgwirizano wolembedwa wonena zimene zikapimidwe. Woperekayo auzidwe zonsezi m'Chichewa chomveka, ndipo adziwe kuti akhoza kukana popanda kutaya thandizo lililonse.

Kuchipatala, malovu ali ndi ntchito imodzi yodalirika: kufufuza matenda a Cushing, pamene thupi limatulutsa cortisol wopyola muyezo, kawirikawiri chifukwa cha chotupa mu pituitary kapena mu adrenal. Wodwalayo amatupa nkhope, amanenepa pamimba miyendo ikuonda, amakhala ndi mizere yofiirira pakhungu, BP ndi shuga zimakwera. Malovu otengedwa cha pakati pa usiku, pamene cortisol ayenera kukhala pansi, amaonetsa kuti sanatsike. Matendawa ndi osowa, ndipo zizindikiro zomwezo zimabwera kawirikawiri chifukwa chomwa prednisolone kapena dexamethasone nthawi yaitali popanda dokotala, monga amachitira ena ofuna kunenepa kapena kuziziritsa nyamakazi. Wotere asasiye mankhwalawo mwadzidzidzi, chifukwa adrenal wake akhoza kukhala atagona. Apite kuchipatala akamuchepetsere pang'onopang'ono. Koma za malonda a pa intaneti olonjeza kuyeza sitiresi yanu kapena kutsuka cortisol m'thupi, sungani ndalama zanu. Palibe dokotala amene amapeza matenda a nkhawa kapena okhumudwa poyeza malovu.

Amawapeza pofunsa. Mafunso 20 a bungwe la WHO otchedwa SRQ-20 anamasuliridwa m'Chichewa n'kuyesedwa pakati pa amayi a ku Thyolo ndi Robert Stewart ndi anzake, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2009. Amafunsa za tulo, za chilakolako cha chakudya, za mutu, za kulira, za maganizo ofuna kudzipha. Safuna firiji kapena jenereta. Ku Zimbabwe, Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo aakazi kukhala pa benchi panja pa chipatala n'kumamvetsera anthu oganiza kwambiri, ndipo kafukufuku wa 2016 anaonetsa kuti odwala ankapeza bwino. Ndalama za zaumoyo zikakhala zochepa, monga zilili pa zipatala zathu za kumidzi, ine ndingayambe ndi kuphunzitsa munthu wofunsa ndi womvetsera ndisanagule bokosi limodzi la ELISA.

Komabe ndingakonde kuona kafukufuku wa malovu atachitika m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, chifukwa pali funso limene kufunsa kokha sikungayankhe: kodi moyo wa chaka ndi chaka wa njala, ngongole ndi kudikira msika umasiya chiyani m'thupi la munthu amene akadali wamng'ono, zaka zambiri BP ndi shuga zisanaonekere? Matenda awiriwa akuchuluka m'Malawi ngakhale kumidzi, ndipo cortisol wosokonekera kwa nthawi yaitali ali m'gulu la zimene akatswiri amazikayikira. Kafukufuku woyenera angatsate achinyamata omwewo, anyamata ndi atsikana, olima ndi a pasukulu monga ya Robert Blake ku Kongwe, n'kuwayeza mu Febuluwale kenako mu Julayi, kuti munthu aliyense ayerekezedwe ndi iye mwini osati ndi mlendo wa ku Trier. Nyengo iliyonse angatenge malovu masiku atatu otsatizana: podzuka, patatha theka la ola, masana ndi pogona. Angalembe ola lodzukira, zimene munthu wadya, ntchito imene wagwira, mankhwala ndi mafuta amene akugwiritsa ntchito, angapime malungo, ndipo angafunse mafunso 20 aja tsiku lomwelo. Ofunsawo akhale achinyamata a komweko ophunzitsidwa bwino. Ndipo popeza pakati pa ofunsidwa padzapezeka ndithu wina amene adzayankhe kuti inde, waganizapo zodzipha, gulu lofufuzalo lisanatenge kabotolo koyamba liyenera kukhala litagwirizana kale ndi namwino wa matenda a maganizo pa chipatala cha boma cha Dowa kapena cha Ntchisi, ndiponso kukhala ndi galimoto yomufikitsira kumeneko tsiku lomwelo.